Deewaar ya 1975: wapolisi Ravi ndi wofooka, kapena anamulemba choncho dala?

Chikondi: Akuluakulu, funso langa lili pa Deewaar, filimu ya Chihindi ya 1975 ija ya Amitabh Bachchan ndi Shashi Kapoor. Ana awiri a mimba imodzi, wamkulu Vijay (Bachchan) wozembetsa golide padoko la Bombay, wamng'ono Ravi (Kapoor) wapolisi. Imayamba Ravi akulandira mendulo, imatha Ravi yemweyo atawombera mkulu wake. Koma aliyense akamaliza kuonera amalira Vijay, za Ravi palibe amene amazikamba. Kodi olemba analakwitsa? Munthu amene waima pa chilungamo angafooke bwanji chonchi pamaso pa chigawenga?

Nachisale: Sanalakwitse achemwali, anachita kuwerengera. Salim Khan ndi Javed Akhtar anaika katundu yense wolemera pa Vijay anyamatawo asanakule n'komwe. Taonani zimene zimachitika Bachchan asanaoneke. Bambo awo, Anand Verma, ndi mtsogoleri wa ogwira ntchito amene akunyanyala. Bwana wagwira mkazi ndi ana, akumuuza kuti asaine pepala logulitsa anzake kapena banja lake life. Wasaina. Anzake am'menya, iye wathawa ndi manyazi n'kumangoyendayenda m'masitima. Anthu okwiya aja, posowa bambo, agwira mwana wamkulu n'kumulemba pamkono, mawu osafufutika, akuti bambo ake ndi wakuba. Agwira Vijay, osati Ravi. Mayi awo, Sumitra, atengera ana ku Bombay, akugona kunsi kwa mlatho, mayi akusenza njerwa pomwe akumanga nyumba yosanja. Ravi akufuna sukulu, ndalama sizikukwana, ndiye Vijay ayamba kupolisha nsapato kuti mng'ono wake aphunzire.

Ndiye Ravi akamavala yunifolomu, wowonera amadziwa kale kuti sukulu imene yam'fikitsa pamenepo inalipiridwa ndi burashi ya mkulu wake. Chilichonse chimene Ravi anganene chokhudza lamulo chimamveka ngati cha munthu wangongole amene akulalikira amene anam'kongoza. Si kufooka kwa wosewera. Ndi mmene nkhani anaimangira.

Tembo: Ine ndikuti Ravi ndi wofookadi, ndipo ndi wachinyengo pang'ono. Ntchito anaisaka n'kuisowa, digiri ali nayo. Upolisi anauganizira chifukwa bambo a chibwenzi chake ndi bwana wamkulu wa polisi, ndi amene anam'lozera njira. Akakhala m'nyumba yabwino ya Vijay amadya nawo osafunsa kuti munthu wonyamula katundu padoko wapeza bwanji zonsezi. Mayi nawonso chimodzimodzi, anafunsa pang'ono n'kungokhala. Maso anatseguka fayilo itafika patebulo.

Nachisale: A Tembo, za fayilo mwatchulazo n'zimene zikukutsutsani. Ravi atapatsidwa mndandanda wa ozembetsa n'kuonamo dzina la mkulu wake, anaibweza fayiloyo, anakana mlandu. Olemba anadziwa kuti wapolisi wongodzuka n'kuyamba kusaka m'bale wake wowonera angam'de. Ndiye anaikapo chigawo cha buledi. Ravi akuthamangitsa mnyamata amene waba, am'wombera mwendo, akupeza kuti chimene waba ndi buledi wa banja lanjala. Apita kwawo kwa mnyamatayo atanyamula chakudya. Mayi a mnyamatayo am'tukwana, akuti polisi imangoona osauka, akuluakulu obisa matumba a chakudya siiwakhudza. Bambo ake, mphunzitsi wokalamba, amene anasewera A. K. Hangal, akuti kuba ndi kuba basi, kaya n'kwakung'ono. Ravi akuchoka pamenepo n'kukatenganso fayilo ija.

Chigawo chimenechi ndiye msana wa Ravi. Chimamupatsa chifukwa chimene si lamulo lokha: ngati ndawombera mwana wa eni ake chifukwa cha buledi, ndingasiye bwanji wa kwathu wa golide? Mukachichotsa, Ravi amasanduka munthu wouma mtima wofuna kukwezedwa pantchito. Ndipo chimachotsedwadi. Makope ena ofupikitsidwa, kuphatikizapo ena omasuliridwa amene amazungulira m'mavidiyo sho, amadula zigawo zopanda ndewu kuti filimu ya maola pafupifupi atatu ichepe. Wodulayo amaona nkhalamba ikulankhula m'kanyumba n'kuganiza kuti palibe kanthu.

Tembo: Pamenepo ndavomera theka. Koma wosewera bwino ndi Bachchan basi.

Gama: Pa mphoto za Filmfare, zopatsidwa kwa mafilimu a Chihindi a chaka chimenecho, Shashi Kapoor ndi amene anapata, ya wosewera wothandizira. Bachchan anapikisana nawo pa ya wosewera wamkulu koma inapita kwa Sanjeev Kumar. Filimuyo inatenga ya filimu yabwino koposa, Yash Chopra ya dairekita, ndipo Salim ndi Javed anatenga za kalembedwe. Ndangodutsa.

Mbewe: Ndilowepo pa za malamulo, chifukwa pali malo awiri pomwe anthu amatsutsana popanda kudziwa kuti lamulo la India linkati chiyani.

Poyamba ndi pepala lija Ravi akuuza mkulu wake kuti asaine, lovomera milandu yonse. Monga sewero ndi lamphamvu kwambiri, chifukwa likubwereza siginecha imene inagwetsa bambo awo, ndipo Vijay akuyankha kuti yamba wakasainitsa amene anaumiriza bambo, amene anazunza mayi, ndi amene anandilemba pamkono. Koma kukhoti pepala limenelo silikanagwira ntchito. Gawo 25 la Indian Evidence Act ya 1872 linkanena kuti kuvomera mlandu pamaso pa wapolisi si umboni wom'tsutsira munthu. Angerezi analiika chifukwa ankadziwa mmene apolisi amapezera mavomerezo, ndi ndodo. Kuti kuvomera kugwire, wapolisi amam'tengera munthuyo kwa majisitireti, pansi pa gawo 164 la Code of Criminal Procedure. Majisitireti amamuuza kuti sakukakamizidwa kuvomera, kuti zimene anene zikhoza kumutsutsa, amatsimikiza kuti akulankhula mwa kufuna kwake, kenaka n'kulemba ndi kusainitsa. Mukalumpha chimodzi mwa zimenezi, loya amaugwetsa umboniwo.

Chodabwitsa n'chakuti Vijay akananena zomwezo kwa ofesala wa kasitomu, pansi pa gawo 108 la Customs Act ya 1962, zikanalandiridwa, chifukwa makhoti a India anagamula kuti wa kasitomu si wapolisi. Ndipo milandu yozembetsa golide kwenikweni inali ya a kasitomu ndi a Directorate of Revenue Intelligence, nthambi ya boma yofufuza ozembetsa katundu, osati ya sub-inspector mmodzi ngati Ravi. Sub-inspector ndi udindo wapansi pa maofesala: pamwamba pake pali inspector, assistant commissioner, deputy commissioner, mpaka commissioner wa mzinda. Gulu la zigawenga lalikulu chonchija sangalisiyire munthu wongotuluka kumene ku maphunziro, makamaka zitadziwika kuti wosakidwayo ndi mkulu wake. Akanam'chotsa pa mlanduwo tsiku lomwelo.

Kachiwiri ndi kuwombera kwa kumapeto. Ena amati Ravi anapha munthu wothawa, ndiye ndi mlandu. Gawo 46 la Code yomweyo linkalola wapolisi kugwiritsa ntchito mphamvu iliyonse yofunika pogwira munthu wothawa, koma linkaletsa kupha munthu amene mlandu wake si wa chilango cha imfa kapena cha moyo wonse m'ndende. Apa ndi pomwe olemba anachenjera. Vijay akanakhala wozembetsa chabe, chipolopolo chija chikanakhala chovuta kuchiteteza. Koma pofika pamenepo anali atapha Samant, mdani wake wotsogolera gulu lina la ozembetsa, pom'ponya kuchokera pamwamba pa nyumba pobwezera imfa ya Anita, chibwenzi chake. Kupha ndi gawo 302 la Indian Penal Code. Ndiye imfa ya Anita ili ndi ntchito ziwiri: imatseka njira imene Vijay ankafuna kutulukira, chifukwa mayiyo anali ndi pakati ndipo ankafuna kukwatirana, komanso imam'sandutsa munthu amene lamulo lingalole kuti awomberedwe.

Wa buledi uja ndiye kuwomberedwa kwake kunali kolakwika kwambiri pa lamulo kuposa kwa Vijay, koma filimu siifunsa zimenezo.

Chikondi: Zikomo a Mbewe. Nanga golideyo bwanji? Kwa ife zimaoneka zachilendo kuti chigawenga chachikulu chizilimbana ndi golide osati mankhwala ozunguza bongo.

Che Mdala: Mwana wanga, nthawi imeneyo ku India golide ndiye anali malonda. Boma linali litatseka kulowetsa golide m'dziko pofuna kusunga ndalama zakunja. Mu 1963 Morarji Desai, ali nduna ya zachuma, analetsa kusula zibangili ndi mikanda ya golide wopitirira makarati 14, pomwe anthu anazolowera 22. Kenaka kunabwera Gold Control Act ya 1968, yoletsa munthu wamba kusunga golide wa mipiringidzo. Koma ukwati wa ku India suchitika popanda golide. Ofuna ndi ambiri, katundu waletsedwa, mtengo wa ku Bombay unakwera kuposa wa kunja. Phindu lonse linali pa kusiyana kumeneko.

Njira yake inali iyi. Golide ankagulidwa ku London ndi ku Zurich, n'kupita pa ndege ku Dubai, komwe kunalibe lamulo loletsa. Ankabwera m'timipiringidzo ta matola 10, tomwe ankati mabisiketi. Tola imodzi ndi magalamu 11.66, ndiye bisiketi limodzi ndi magalamu 116.6, lokwana m'chikhatho. Mabisiketi 100 ndi makilogalamu osakwana 12, munthu mmodzi amanyamula. Ankawasokerera m'majekete a nsalu okhala ndi timatumba. Ku Dubai ankawakweza m'zombo zamatabwa zija za Aluya, zoikidwa injini zamphamvu, n'kuwoloka nyanja ya Arabia. Chombo sichinkafika kumtunda. Chinkaima kutali, usiku, mabwato a asodzi n'kukatenga katundu n'kukatsitsa pagombe lobisika, galimoto ikudikira. Malipiro ankabwerera ngati siliva wozembetsedwanso, kapena kudzera mu hawala, pomwe ndalama siziwoloka malire, anthu awiri amangolemberana ngongole.

Pofooka pa ntchito yonseyi ndi pagombe. Panyanja katundu ndi wa mwini chombo, mumzinda wabalalika kale kwa osula. Koma mphindi zimene akutsitsidwa ali pamalo amodzi, ndipo malo ndi nthawi zimadziwika ndi anthu angapo. Mmodzi akalankhula, kaya kwa a kasitomu amene ankapereka mphoto kwa owatsina khutu, kaya kwa gulu lina, katundu wapita, ndipo wobedwayo sangakadandaule kupolisi. Filimu inagwira bwino pamenepa. Daavar, bwana wa gulu lina la ozembetsa, akulemba ntchito Vijay chifukwa anthu a Samant akhala akumulanda golide potsitsa. Vijay akupita yekha kwa Samant, am'gulitsa malo ndi nthawi, alandira ndalama, kenaka am'landa golide yemweyo n'kukam'pereka kwa Daavar. Wadya kawiri pa katundu mmodzi.

Anthu ambiri amati Vijay anam'tengera pa Haji Mastan, amene anabadwira ku Tamil Nadu, n'kuyamba ngati wonyamula katundu padoko la Bombay asanakhale wozembetsa wotchuka. Kufanana kulipo pa chiyambi chokha. Mastan sanafe ndi chipolopolo cha mng'ono wake. Anatsekeredwa nthawi ya Emergency, pomwe boma linaimitsa maufulu a anthu, atatuluka analowa ndale, n'kumwalira mu 1994. Lamulo la golide lija linathetsedwa mu 1990, ndipo malonda amtundu umenewu anazilala.

Mbewe: Kuwonjezera pa Che Mdala: mu Disembala 1974 nyumba ya malamulo inakhazikitsa COFEPOSA, lamulo lotsekera ozembetsa popanda kuwazenga mlandu. Filimu inatuluka Januwale 1975. Ndiye owonera oyamba ankawerenga za anthu amenewa m'nyuzipepala sabata yomweyo.

Che Mdala: Eya. Ndipo Meyi 1974 kunali sitiraka yaikulu ya ogwira ntchito za njanji, yotsogoleredwa ndi George Fernandes, imene boma la Indira Gandhi linaithyola pomanga anthu zikwizikwi. Mitengo ya zinthu chaka chimenecho inakwera kupitirira 20 peresenti. Munthu wolowa m'holo ya kanema n'kuona mtsogoleri wa sitiraka akuthyoledwa, ndi mnyamata wa digiri akusowa ntchito, sankafunika womufotokozera. Emergency inalengezedwa pa 25 Juni 1975, miyezi isanu filimu itatuluka.

Gama: Ine ndikambe za kajambulidwe, chifukwa china chimene chimam'kweza Vijay sichili m'mawu.

Nyimbo. Sitero wa filimu ya Chihindi nthawi imeneyo ankayenera kuimba ndi kuvina. Mu Deewaar nyimbo zachikondi anazipereka kwa Shashi Kapoor ndi Neetu Singh. Vijay saimba ngakhale imodzi. R. D. Burman anapeka nyimbo zochepa poyerekeza ndi mafilimu ena a nthawiyo. Zotsatira zake n'zakuti Ravi amaoneka wa m'filimu, Vijay amaoneka wa mumsewu. Ngakhale chikondi chake ndi Anita, amene anasewera Parveen Babi, chimayambira m'bala, amamwa ndi kusuta limodzi, amagona limodzi osakwatirana, ndipo filimu siimam'nyoza mayiyo. Mu 1975 zimenezi sizinali zachizolowezi.

Ndewu ya m'shedi. Padoko pali gulu lotolera ndalama kwa onyamula katundu tsiku la malipiro. Mnzawo wina wakana, pokanganirana ndalamayo wagundidwa ndi lole n'kufa. Sabata yotsatira Vijay akukana. Akum'saka, koma iye wakhala kale pampando m'shedi yawo momwemo akuwadikira. Atseka chitseko ndi loko, aponyera kiyi mtsogoleri wawo Peter, n'kumuuza kuti akamaliza adzaitenga yekha m'thumba mwake. Ndewu isanayambe wowonera wapatsidwa kale chinthu choti ayembekezere: kiyi ija. Ndiye nkhonya zonse zili ndi kolowera. Atapambana akutuluka akudzandira, n'kukaika mutu pampopi. Mafilimu otengera amakopera nkhonya, kiyi n'kuiiwala, ndipo ndewu imangokhala phokoso la mphindi zisanu.

Baji. Vijay ali ndi baji yachitsulo ya padoko, nambala 786. Mnzake wachikulire wa Chisilamu amuuza kuti nambala imeneyi ndi yodalitsika kwa Asilamu, aisunge. Munthu amene wakana kulowa m'kachisi kuyambira ali mwana akusunga kachitsulo m'thumba. Kamupulumutsa kawiri, koyamba potchinga chipolopolo, kachiwiri atawerama kuti akatole chipolopolo n'kudutsa pamwamba. Kachitatu kam'gwa akuthawa Ravi, alephera kukatola. Wowonera amadziwa kuti watha mfuti isanalire. Chinthu chikaonetsedwa kawiri chikugwira ntchito, kachitatu chimalankhula chokha.

Nangondo: A Gama, nanga n'chifukwa chiyani mawu a m'mafilimu akalewa amamveka ngati munthu akulankhulira m'chipinda, ngakhale ali panja padoko? Ndipo kutalika kwa filimuyi kumasiyana malinga ndi komwe waipeza.

Gama: Mayi, mawuwo analankhuliradi m'chipinda. Makamera amene ankagwiritsa ntchito kwambiri ku Bombay zaka zimenezo, monga Arriflex zazing'ono zija, ankalira kwambiri, ndipo mzindawo ndi waphokoso. Ndiye pojambula ankangotenga mawu owatsogolera. Filimu ikalumikizidwa, wosewera ankalowa m'situdiyo, kumaonera kachigawo kobwerezabwereza, n'kulankhula mogwirizana ndi milomo yake. Mapazi, zitseko, nkhonya, zonse ankaziika pambuyo. Chimene chimalakwika n'chakuti mawu sakhala ndi mtunda: munthu ali kutali koma akumveka ngati ali pakhutu panu. Kwa Bachchan zinam'komera, chifukwa amatha kulankhula motsitsa kwambiri mawu osasowa.

Za kutalika pali zifukwa ziwiri. Filimu ya 35mm imayenda mafelemu 24 pa sekondi, omwe ndi mafiti 90 pa mphindi. Riilo ya mafiti 1,000 ndi mphindi 11, ndiye filimu ya maola pafupifupi atatu ndi mafiti ngati 16,000. Makope akale oyenda m'maholo ankaduka, woonetsa n'kudula powonongeka n'kumata, choncho tizidutswa tinkatayika. Chachiwiri, akaisamutsira pa TV kapena DVD ya PAL, dongosolo la TV la ku India ndi maiko ambiri a ku Ulaya, imayenda mafelemu 25, kufulumira ndi 4 peresenti. Pa maola atatu ndi mphindi pafupifupi 7 zosowa popanda chodulidwa chilichonse, ndipo mawu amakwera pang'ono. Kope likaperewera ndi theka la ola, pamenepo ndiye kuti wina wadula dala.

Tembo: Tibwerere kwa Ravi. Pa mlatho paja Vijay akumuwerengera nyumba, galimoto, ndalama za kubanki, akum'seka kuti ali ndi mayunifolomu awiri, jipi ya boma ndi nyumba ya lendi. Ravi akungoyankha kuti iye ali ndi mayi. Anthu amaombera m'manja, koma si mtsutso umenewo. Sanayankhe funso la ndani anam'phunzitsa sukulu.

Nachisale: Sanayankhe chifukwa sangathe, ndipo olemba akudziwa. Koma taganizani Vijay ankazifunira chiyani zonse akuwerengazo. Nyumba yosanja imene mayi ake ankasenzerapo njerwa anaigula pamtengo wokwera dala kuti awapatse. Mayiwo anakana, n'kutuluka ndi Ravi. Ndiye chuma chonsecho chinasonkhanitsidwira munthu mmodzi, ndipo munthuyo ali kwa winayo. Yankho la Ravi si la wapolisi, ndi la mng'ono amene akudziwa pomwe pali bala. Kumbukiraninso kuti Vijay anam'itanira pamlathopo kuti am'chenjeze asamuke, chifukwa anzake akufuna kumupha. Amene anabwera kudzapulumutsa mnzake ndi amene akuchoka atalasidwa.

Woweruza wa filimuyi si khoti, ndi Sumitra, amene anasewera Nirupa Roy. Iye mwini amavomereza kuti amakonda kwambiri Vijay. Koma ndi iye amene akupereka mfuti kwa Ravi tsiku lomaliza, kenaka n'kupita kukachisi kukadikira winayo. N'chifukwa chake Ravi pa mwambo wa mendulo akuitana mayi ake kuti alandire. Mayi wopereka mwana wake kuti afe anaoneka kale mu Mother India ya 1957, ndipo abale awiri, wina wapolisi wina chigawenga, anaoneka mu Gunga Jumna ya 1961 ya Dilip Kumar. Salim ndi Javed anatenga zonse ziwiri kuzichotsa kumudzi n'kuziika padoko.

Palinso choumiriza china chakunja. Bungwe lounika mafilimu la boma silinkalola kuti chigawenga chioneke chapindula ndi umbanda. Vijay ankayenera kufa kapena kumangidwa. Popeza mathero anali odziwika, luso lonse linapita pa kum'patsa zifukwa zochuluka kotero kuti imfa yakeyo iwawe.

Tembo: Ndiye tigwirizane kuti Ravi akupambana pa pepala basi.

Nachisale: Akupambana mlandu, inde. Koma mayi anatuluka ndi Ravi, osati ndi Vijay.  Chimenecho si cha pa pepala.

Chikondi: Ndamva kuti anaijambulanso m'zilankhulo zina. Ndi zoona?

Gama: Zoona. Mu Chitelugu inatuluka mu 1976 ndi N. T. Rama Rao, mu Chitamil mu 1981 ndi Rajinikanth, dzina lake Thee. Ku Hong Kong a Shaw Brothers anaitengera mu 1979 pa filimu yotchedwa The Brothers. Pofufuza pa intaneti samalani: pali Deewaar ina ya 2004, momwe mulinso Bachchan, pamodzi ndi Sanjay Dutt ndi Akshaye Khanna, koma imeneyo ndi ya asilikali a India ogwidwa ukapolo ku Pakistan, sikugwirizana ndi iyi. Lembani chaka, kapena dzina la Yash Chopra. Dzinalo limalembedwanso Deewar, ndi "a" mmodzi. Mukaipeza onani kutalika kwake musanayambe. Ikachepera maola awiri ndi theka, thamangitsani mukaone ngati mphunzitsi wokalamba wa a Nachisale uja alimo.

Mbewe: Ndipo amene angafune kuwerenga magawo ndatchula aja asasokonezeke: kuyambira pa 1 Julayi 2024 India inasintha malamulo atatu onsewo, Penal Code, Criminal Procedure ndi Evidence Act, n'kuika atsopano a mayina ndi manambala ena. Manambala ndapereka ndi akale, amene ankagwira ntchito mu 1975. Customs Act ya 1962 ikadalipo.